Mpanda wa agalu wa waya wokwirira pansi: ndemanga patatha zaka zinayi

Ndinadikira dala ndisanalembe, chifukwa ambiri oyamikira mpanda umenewu amalemba patangotha mlungu umodzi, waya akadali watsopano, batire ikadali yodzaza. Ine ndikuupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha waya wowonda amene amabwera naye, komanso chifukwa ogulitsa amalankhula ngati ukangokwirira basi ntchito yatha.

Kwa amene simunauonepo, pali kabokosi kokhomera pakhoma m'nyumba, kolumikiza ku magetsi. Waya amachoka pamenepo, kuzungulira bwalo lonse pansi pa dothi, n'kubwereranso. Galu amavala lamba m'khosi wokhala ndi kachipangizo. Akayandikira waya kamayamba kalira, akapitirira kamamutsina ndi magetsi pang'ono. Ndinadziyesa padzanja ndisanamuveke. Sizipweteka kwenikweni, koma ndinadzidzimuka mpaka kukaponya pansi.

Chaka choyamba sitinadandaule. Tinazika timbendera m'malire, n'kumayenda ndi galu wathu pa chingwe mphindi 15, kawiri pa tsiku, kwa milungu iwiri, mpaka anazindikira kuti akamva kulira abwerere. Amene amathamangira kudumpha gawo limeneli asadzanene kuti mpanda ndi wachabe.

Mavuto anayamba ndi khasu langa lomwe. Ndikubzala maluwa ndinadula waya osadziwa, ndipo kabokosi kanayamba kulira osalekeza. Pamenepo zinali zosavuta, ndinkadziwa pamene ndinakumba. Kulakwa kwanga kunali kulumikiza ndi tepi wamba. Mvula itagwa, chinyezi chinalowa, mkuwa unabiriwira, ndipo mpanda unayamba zozimazima: lero ukugwira, mawa ayi. Kuduka kotereku n'koipa kuposa kuduka kwenikweni, chifukwa nthawi zina kabokosi sikalira n'komwe. Tsopano ndimamanga kaye mfundo kuti waya asakokeke, kenako ndimatsekera polumikizapo m'kachubu kokhala ndi mafuta oletsa madzi. Palibe ngakhale pamodzi pamene pandivutanso.

Kachiwiri waya anaduka pamalo osadziwika, mwina mizu, mwina timbewa. Ndinataya Loweruka lonse. Njira imene inandithandiza ndi iyi: choyamba lumikizani kawaya kakafupi pa mabowo awiri a kabokosi, kakasiya kulira ndiye kuti iko kali bwino. Kenako tengani waya wina wautali, mugawe mzere wonse pakati, muone theka limene likukana, mugawenso limenelo, mpaka potsala pakhale pochepa poti n'kufukula. Zitatha izi ndinatopa nazo, ndinazula waya yense wa geji 20 n'kuika wa geji 14. Nambala ikachepa ndiye kuti waya ndi wonenepa. Ndikanadziwa ndikanayambira pomwepo.

Mphezi nayo inatiphunzitsa. Waya wautali chonchi ali m'nthaka amatengera mphamvu yake mpaka m'nyumba, ndipo kabokosi koyamba kanapsa m'chaka chachiwiri. Kamene tili nako pano kali ndi choteteza, komabe kukayamba kugunda ndimazula pulagi ndi mawaya onse awiri. Magetsi akazima mpanda nawonso wazima, musaiwale.

Za batire ya pa lamba: kwa ife imatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo galu amadziwa kuti yatha ife tisanadziwe. Wathu anatulukira nzeru yoima pamene kachipangizo kamangolira osatsina, n'kumangokhala pomwepo, batire ikutha. Tsiku lina anaona mphaka, anadutsa ngati mphepo. Chimene chinandimvetsa chisoni ndi kumupeza atakhala kunja kwa malire akulira, akulephera kulowa kwawo, popeza pobwerera kachipangizo kamamutsinanso. Zikatero muvuleni kaye lamba musanamulowetse. Masiku ano Lamlungu lililonse ndimagwira lambayo m'manja, n'kuyenda naye mpaka m'malire kuti ndimve ngati akulira pamalo ake.

Chimene ndimadziimba nacho mlandu ndi khosi lake. Kachipangizo kali ndi tizitsulo tiwiri togunda pakhungu, ndipo ine ndinkamusiya nako usana ndi usiku. Tsiku lina ndikumusisita ndinamva kafungo, nditapatula ubweya ndinapeza tizilonda tiwiri tonyowa. Ndinaganiza kuti magetsi amuwotcha, koma dokotala wa ziweto anati n'kupanikizika kwa tizitsulo pamalo amodzi nthawi yaitali. M'kabuku ka malangizo munalembedwa ndithu kuti asavale kupitirira maola 12 pa tsiku, kungoti sindinawerenge. Pano usiku amagona m'nyumba wopanda lamba, tizitsulo ndimatipukuta, ndipo pomuveka ndimaonetsetsa kuti chala chimodzi chikulowa pakati pa kachitsulo ndi khungu. Chingwe choyendera musamangirire pa lamba ameneyu.

Dziwaninso kuti mpandawu umatsekera wanu yekha. Agalu a eni amalowa momwe afunira, ana nawonso. Ngati galu wanu ndi wolusa, kapena wamantha kwambiri, mangani mpanda wooneka ndi maso. Wathu ndi wofatsa, ndipo kupatula tsiku la mphaka lija sanatulukenso. Lamba woyamba anathetheka chaka chachitatu, tinagula wina, koma kachipangizo ndi komwe kaja.