Miyezi 14 ndi ampulifaya ya mavalavu, ndi ma GZ34 awiri amene ndakwirira

Sabata yatha mlamu wanga wa ku Chilenje anandifunsa kuti, "Alamu, kodi nanenso ndikagule kwa munthu wanu uja?" Ankanena za munthu amene anandigulitsa ampulifaya ya mavalavu, makina okuza mawu a nyimbo okhala ndi machubu agalasi onga mababu. Yankho lake silinakwane pa foni, n'chifukwa chake ndikulilemba pano.

Ampulifayayi ndinaigula kwa bambo wina amene amazimanga yekha kuno ku Lusaka, ndipo ili ndi mavalavu okuza mawu a EL34 awiri mbali iliyonse, pamodzi ndi valavu ya rectifier ya GZ34, imene ena amaitchula 5AR4. Mawu ake sindiwadandaula mpaka lero. Mathiransifoma satentha mopitirira, ndipo ma EL34 amene inabwera nawo akadali omwewo. Chimene chandidyera ndalama ndi valavu imodzi yokha, GZ34 ija, imene imasandutsa magetsi a pakhoma (AC) kukhala magetsi oyenda mbali imodzi (DC).

GZ34 yoyamba inafa mwezi wachinayi, nthawi imene madzi anali atachepa ku damu la Kariba mu 2024 ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Sanaiphe ndi maola a mdimawo ayi. Usiku wina magetsi anangothima pang'ono n'kubweranso pasanathe masekondi asanu, ndipo ndinaona ndi maso anga kuwala koyera kukung'anima m'kati mwa galasi, kenako phokoso lakuti thwa, ngati chimanga chikuphulika pa mbaula, fyuzi n'kupsa. Wogulitsa anati valavu ndi chinthu chakutha ngati babu, choncho sichilowa m'lonjezo lake lokonza mwaulere. Ndinagula ina kwa iye yemweyo, koma itatha miyezi itatu nayonso inafa imfa yomweyo.

Apa ndinainyamula kupita nayo kwa mmisiri wachikulire wa ku Kamwala, amene anayamba ntchito nthawi ya mawailesi a mavalavu. Atatsegula pansi pake analoza kapasita yoyamba, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, nandiuza kuti, "Bambo, werengani nokha apa." Inali ya 100 µF (muyeso wa kukula kwa kapasita), pamene GZ34 malire ake ndi 60 µF. Kapasita yaikulu ikakhala yopanda kanthu imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, ndipo zonsezo zimadutsa mu valavu. Poyatsa ampulifaya itazizira vutoli silioneka kwenikweni, chifukwa cathode ya GZ34, kachitsulo ka m'kati kamene kayenera kutentha kuti magetsi adutse, imatenthedwa pang'onopang'ono, masekondi khumi kapena kuposerapo, motero kapasita imadzaza mwaulemu. Koma magetsi akangophethira n'kubweranso, cathode imakhala ikadali yotentha pamene ma EL34 atsopa kale kapasita ija, ndiye valavu imalandira katundu yense popanda choichedwetsa. Anandiletsanso chizolowezi chimene wogulitsa anandiphunzitsa, chodikira mphindi ziwiri pa standby (mavalavu akutentha koma makina asanayambe kugwira ntchito) ndisanayatse, popeza m'makina awa swichi ya standby ili pakati pa rectifier ndi kapasita yoyamba, kotero tsiku lililonse ndinkachita ndi dzanja langa chinthu chomwecho chimene kuphethira kwa magetsi kunkachita.

Ntchito imene anagwira inali ya masana amodzi. Anaika kapasita ya 47 µF kutsogolo, n'kusamutsira ya 100 µF kuseri kwa choke (koyilo yosefa magetsi), kumene kukula kwake sikuvutitsa valavu. Anawotcherera diode ya 1N4007, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, pa waya aliyense wochoka ku thiransifoma kupita ku pini 4 ndi pini 6 za GZ34, mzere wojambulidwa pa diode utayang'ana ku valavu. Tidiode timeneti timapirira mavoliti 1,000 obwerera m'mbuyo, ndipo valavu ikachita shoti timaletsa AC kufika ku makapasita, komanso thiransifoma imapulumuka. Anawonjezera fyuzi pa waya wapakati wa mbali ya mavoliti ambiri, ndi thermistor, kachipangizo kochepetsa mphamvu yolowa nthawi yoyatsa, ku mbali yolowera 230 V. Ndisaiwale kunena kuti asanagwire chilichonse anayamba watsitsa mphamvu ya makapasita kudzera mu resistor, mita ili pomwepo, chifukwa mavoliti oposa 400 angathe kukhalamo ngakhale pulagi yazulidwa. Si ntchito yoti munthu aphunzirire pa thebulo lodyera.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti iye mwini anandiuza kuti thermistor yakeyo sindiyenera kuidalira pa vuto langa. Imachepetsa mphamvu pokhapokha ikakhala yozizira, ndipo ikatentha imafuna mphindi imodzi kapena kuposa kuti ibwerere mwakale, pamene magetsi athu sadikira choncho. Ananditumiza kukagula fridge guard, kabokosi komwe kaja timatetezera furiji, kamene magetsi akabwera kamayamba kadikira mphindi zingapo kasanalole kuti adutse. Ndinachita manyazi pang'ono kulumikiza makina a ndalama zambiri chonchi ku kachipangizo ka kukhitchini, koma miyezi isanu ndi iwiri yapita, magetsi aphethira kosawerengeka, ndipo GZ34 yachitatu ikuyakabe bwinobwino. Mawu sanasinthe m'makutu mwanga, ngakhale kuti anzanga ena amalumbira kuti diode imawononga kukoma kwa valavu.

Anthu amatamanda ma GZ34 akale a kampani ya Mullard opangidwa ku Blackburn, ku England, kuti ndi olimba, ndipo wogulitsa uja anafuna kundiitanitsira imodzi pa mtengo woti ndikanagula atsopano angapo. Ndikanavomera, ndikanangopereka valavu yodula kwa kapasita yolakwika yomwe ija. Nditamuonetsa chithunzi cha 100 µF ndi malire a 60 µF, anayankha kuti makasitomala ena sanadandaulepo, ndipo pa mavalavu awiri aja sanandibwezere ngakhale ngwee imodzi. Zonse zimene mmisiri wa ku Kamwala analipiritsa, kuphatikiza ndalama imene ndinagulira fridge guard, sizinafike pa mtengo wa valavu imodzi.

Madzulo ndikakhala pansi kumvetsera ndimamukhululukira, koma ndikaona malisiti mkwiyo umabwerera. Mlamu wanga ndamuuza kuti agule ngati akufuna, koma asapereke ndalama yomaliza asanaone pansi pa makinawo patatsegulidwa, ndipo mtengo wa kukonza kuja auchotseretu pa mtengo wogulira.