Die Strandloper ku Langebaan, ma mussels ake ndi oyenera ulendo

Abale amene muli ku Cape Town kuno, ngati simunalaweko ma mussels chifukwa mumawaona ngati nkhono zakudimba zija, kayambireni ku Die Strandloper. Malowa ali ku Langebaan, mumatsata msewu wa R27, pagalimoto ndi ola ndi theka basi, ndipo mumadyera panja pamchenga penipeni m'mbali mwa nyanja, zonse akuphika pamoto inu mukuona.

Zakudya zimabwera motsatizana mpaka khumi, nsomba ya snoek yootcha, kreef (lobster, m'bale wake wa nkhanu), buledi wotentha, khofi kumapeto, koma ine mtima wanga unatsala pa mphika wa ma mussels womwe umayambirira uja. Ndi ofewa bwino, kamchere ka m'nyanja kakumveka patali, msuzi wake umachita kupukuta ndi buledi mpaka mbale kuyera, ndiye chigoba chomwecho ndi chimene chimakhala supuni yodyera zina zonsezo. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri.

Ma mussels si nkhono ayi, ngakhale pali kachibale. Nkhono ili ndi chigoba chimodzi komanso imayenda, pamene awa ali ndi zigoba ziwiri zogwirana mbali imodzi, gulu limodzi ndi ma oyster ndi ma clam, ngakhale ku Nyanja ya Malawi abale awo a m'madzi opanda mchere aliko, zigoba zake zimapezeka pamchenga. Alibe mutu, amangodzimata pamwala ndi timaulusi tolimba kwambiri kenako n'kumasefa madzi tsiku lonse kudya tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Nchifukwa chake ku Saldanha Bay pafupi pomwepo amawaweta pazingwe zolendewera m'madzi osawathirira chakudya chilichonse, madzi ozizira a Benguela, omwe amayenda m'mbali mwa gombe limenelo, amabweretsa okha. Ndipo mtundu umene wachuluka kumeneko, Mediterranean mussel, ndi wobwera, unafika cha kumapeto kwa m'ma 1970 ndipo panopa wadzaza miyala ya West Coast mpaka kupanikiza mitundu ya komweko.

Kusefa madzi komweko ndi kumene kumandichititsa kunena kuti chonde kadyereni pamalo odziwika ngati awa, osamangotola pamiyala mukapita kokasamba. Kukabwera red tide (pamene tizomera ting'onoting'ono tapoizoni tachuluka m'nyanja), ma mussels amasunga poizoni mthupi mwawo ndipo kuphika sikumuchotsa, munthu atha kufa nazo, komanso kutola kumafuna pemiti ya boma. Mukagula amoyo kushopu kuti mukaphike nokha, amene ali yasa osatseka mukawagogoda tayani, ndi akufa amenewo.

Bukani malo pasadakhale makamaka pa wikendi ndi mu Disembala, pitani ndi njala yeniyeni ndipo musakhale ndi pulogalamu ina masana amenewo chifukwa kudya kwake kumatenga maola angapo. Buledi uja musamuchulutse koyambirira, nsomba zili kutsogolo n'zambiri. Amene thupi lanu limadana ndi zakudya za m'nyanja, awa si malo anu.