Mwala wa mu impso: kudikira, kuuphwanya ndi makina, leza kapena kuboola kumsana

Anzanga amene munamvapo ululu wa mwala wa mu impso mukuudziwa, umayambira m'mbali mwa msana pansi pa nthiti n'kumatsikira kuchinena, ukati ugone sizitheka, ukati ukhale sizitheka, umangozungulira uku ukusanza. Ine njira ziwiri mwa zomwe madokotala amagwiritsa ntchito ndazilawa ndi thupi langali, ndiye ndati tiziyerekeze bwinobwino chifukwa ambirife tikangomva zoti kuli makina ophwanya mwala osakung'amba timathamangira komweko osafunsa n'komwe kuti mwala wathuwo ndi wotani.

Zonse zimayambira pa sikani. Ya CT ndiye imaonetsa bwino kukula kwa mwala, pomwe wakhala komanso kulimba kwake. Ya ultrasound ilibe cheza choopsa, ndiyabwino kwa amayi oyembekezera, koma timiyala tating'ono tomwe tatsikira m'kanjira kochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo imatiphonya kawirikawiri. X-ray wamba nayenso saona miyala ya uric acid.

Kudikira ndi njira ndithu, musaone ngati adokotala akukunyozerani. Mwala wosakwana mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha ndi mkodzo, amangokupatsa mankhwala opha ululu ngati diclofenac bola impso zikugwira bwino ntchito, ena amawonjezera tamsulosin amene amafewetsa kanjira kaja makamaka mwala ukakhala wa pakati pa mamilimita 5 ndi 10 ndipo watsikira kale m'munsi. Ukapitirira mamilimita 10 mwayi woti utuluka wokha ndi wochepa, ndipo kudikirako sikuyenera kupitirira masabata 4 mpaka 6. Koma apa chonde mvetsani, ululu wa mwala ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo wasiya kutuluka, palibenso zodikira kapena kusankha, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Impso yotsekeka yomwe mwalowa tizilombo imapha munthu msanga, ndipo madokotala amayamba atsegula njira yoti mkodzo utuluke, za mwalawo amaziona pambuyo.

Tsopano makina aja, amawatchula ESWL kapena lithotripsy. Anayamba kuwagwiritsa ntchito pa anthu mu 1980 ku Munich. Umagona pabedi, amakukhudzitsa kapilo ka madzi kumsana, kenako kumangomveka kuti tha tha tha kambirimbiri, mafunde amphamvu akudutsa pakhungu kukamenya mwalawo, ola silikwana ndipo tsiku lomwelo umabwerera kunyumba. Kwa ine zinkamveka ngati wina akundikwapula ndi kalabala pamalo amodzimodzi, zowawa koma zopiririka. Vuto lake ndi loti makinawa sachotsa mwala ayi, amangouswa, zidutswazo uzitulutse wekha pokodza. Wanga unali wa mamilimita 9 ndipo unakhala kumunsi kwenikweni kwa impso komwe zidutswa zimayenera kukwera kaye zisanatsike, ndinapita kawiri, mkodzo unkatuluka wofiira ndi timchenga pang'ono, koma sikani itabwera chidutswa chachikulu chinali pomwepo. Ndinadzamva mochedwa kuti malo amenewo ESWL siigwira bwino, chimodzimodzi mwala wolimba kwambiri umene pa CT nambala yake ya Hounsfield, yoonetsa kulimba kwa mwala, yapitirira 1,000, komanso munthu akakhala wonenepa kwambiri chifukwa mafundewo amafika atatha mphamvu. Woyembekezera saloledwa, amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ngati warfarin nayenso ayi pokhapokha atasiya kaye adokotala atamuuza. Koma mwala wofewa, wosakwana masentimita 2, wokhala pamalo abwino, makinawa ndi chisomo ndithu.

Njira ya leza (laser, kuwala kwamphamvu koswera mwala), imene amati ureteroscopy, ndi yomwe inandithandiza pamapeto pake. Amakugoneka ndi mankhwala, n'kulowetsa kakamera kowonda kudzera kokodzera, kudutsa m'chikhodzodzo mpaka kukafika pamwalapo, sakucheka paliponse. Akauona amauswa ndi leza ya holmium, zidutswa zina amazikoka ndi kadengu kakang'ono ka waya. Ubwino wake dokotala akuuona mwalawo ndi maso, kulimba kwake sikumuletsa, kunenepa kwako sikumuletsa, ndipo mwayi woti zithere ulendo umodzi ndi waukulu kuposa wa ESWL. Ngozi zilipo, kanjira kaja katha kukalika, tizilombo titha kulowa m'magazi, n'chifukwa chake amayamba ayeza mkodzo. Koma chomwe sandinakonzekere ndi stenti. Ndi kachubu kofewa kopindika mbali zonse ziwiri komwe nthawi zambiri amakasiya kuchokera mu impso kufika m'chikhodzodzo kuti njira isatsekeke ndi kutupa. Masiku amene ndinakhala nako ndinkangomva mkodzo mphindi iliyonse, ukapita ukutuluka madontho, ndipo pokodza ululu unkakwera mpaka kumsana moti ndinkagwira khoma. Zinatha tsiku lomwe anakachotsa, kuchotsako ndi kwa mphindi zochepa chabe. Chachikulu musaiwale tsiku lochotsa, stenti ikakhalitsa miyezi yambiri imamera miyala payokha ndipo kuichotsa kumasanduka opaleshoni ina.

Yoboola kumsana, PCNL, sindinaipange koma malo ake ndi odziwika. Inayamba ku Sweden mu 1976. Amaboola kabowo ka pafupifupi sentimita imodzi kumsana kulowa mu impso mwenimweni, n'kuswa mwala ndi kuutulutsira pomwepo. Ndi ya miyala yoposa masentimita 2 ndi ija yomera nthambi ngati nyanga za mbawala yodzaza impso yonse. Pa zonsezi iyi ndiye imayeretsa kwambiri mwala waukulu, komanso ndi yomwe ungataye nayo magazi ambiri mpaka ena kuwonjezeredwa, ndipo umagona m'chipatala masiku angapo. Munthu wa mwala wa masentimita 3 akamaumirira ESWL poopa kuboola amangodzichulukitsira maulendo, ndipo zidutswa zambirizo zitha kundandalikana n'kutseka njira.

Ine mutandibwezera kumbuyo, ndi mwala uja pamalo aja, ndikanayambira leza osataya miyezi. Mwala wofewa wokhala kumtunda kwa impso ndikanayesabe makina kaye kuti ndizembe stenti.

Njira iliyonse imene mwasankha, kachidutswa katuluka musakataye, kodzerani mu kasefa ndipo mukapereke kakayezedwe. Miyala yambiri ndi ya calcium oxalate, wanganso unali womwewo, koma wa uric acid umatha kusungunuka ndi mankhwala ngati potassium citrate popanda makina alionse. Ndipo pali matenda osowa a kumtundu otchedwa cystinuria omwe amapangitsa munthu kumera miyala mobwerezabwereza kuyambira ali wachinyamata, miyala yake ndi yolimba moti ESWL imailephera kawirikawiri, ndiye ngati miyala inakuyambani muli wamng'ono kapena abale anu alinso nayo auzeni adokotala zimenezo asanasankhe njira. Ine anandiuza ndizimwa madzi okwanira kutulutsa mkodzo wa malita 2.5 patsiku ndi kuchepetsa mchere, botolo limagona pambali pa bedi mpaka lero.