Kabolodi ka PAM8403: kakang'ono koma kali ndi mawu

Aka ndi ka ampulifaya, kokweza mawu a nyimbo kuti amveke pa sipika. Ndakhala nako miyezi itatu tsopano, ndipo ndakakonda zedi. Kukula kwake ngati chala chachikulu, kamangofuna mavoti 5 a USB, koma kamakankha masipika awiri a 4 ohm, iliyonse mpaka mawati 3.

Tsiku loyamba ndinamanga pamodzi mawaya a negetivu a masipika onse, monga ndinazolowera pa LM386, kachipu kena kokweza mawu. Mawu anatuluka osweka, kachipu n'kuyamba kutentha. Aka ndi ka mtundu wina wa ampulifaya wotchedwa class D, ndipo pa kabolodi aka sipika iliyonse imafuna mawaya akeake awiri, osakhudza ground (negetivu ya magetsi).

Chimene chinandisautsa kwambiri ndi kulira kochokera ku tchaja. Ndinawotcherera capacitor (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) ya 1000 µF polowera magetsi, ndinafupikitsanso waya wa nyimbo, phokoso linachepa ndithu. Voliyumu mukaikweza mpaka kumapeto mawu amakhadzula, ndiye ine ndimaisiya chapakati.