Opaleshoni yanga yachiwiri ku Ntcheu

Mwana wachiwiriyu ndachiranso pa opaleshoni, pachipatala china kuno ku Ntcheu. Amene ndikuwayamikira ndi adokotala omwe anakhala pambali pa bedi langa n'kundijambulira chiberekero kuseri kwa kapepala. Anati, "Mayi, ndasoka mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake, ndi ulusi wosungunuka wokha, ena amasoka umodzi." Chilonda chamkaticho chikapola mopyapyala chimasiya kadzenje, magazi n'kumadonthabe msambo utatha, mwinanso n'kudzang'ambika pathupi potsatira. Ine maso anali pa chipsera chapakhungu basi! Anandiuza ndidikire zaka 2 ndisanaimenso.

Chondiwawa n'chakuti usiku mankhwala opha ululu anachedwa. Apongozi anga anachita kukagogoda kwa anamwino kawiri, ine nditaluma chitenje.