Ndemanga ya LargeScaleMeanShift ya Orfeo ToolBox pa zithunzi za droni

Orfeo ToolBox, yomwe ambiri amangoitchula kuti OTB, ndi pulogalamu yaulere yosanthulira zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ndipo inayambitsidwa mu 2006 ndi CNES, bungwe la ku France loona za m'mlengalenga. Ine ndimaigwiritsa ntchito kudzera mu QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu, polemba malire a madenga, minda ndi mitengo pa zithunzi za droni, ndipo ndemanga ino ikukhudza chida chake chimodzi chotchedwa LargeScaleMeanShift, chimene chimasonkhanitsa mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) oyandikana komanso ofanana maonekedwe kukhala zigawo, kenako n'kupereka zigawozo ngati mapoligoni, kutanthauza mizere yotsekeka yozungulira chigawo chilichonse. Ndachipeza chodalirika, koma manambala amene chimabwera nawo alibe tanthauzo mpaka munthu atawayerekeza ndi chithunzi chimene ali nacho m'manja.

Nambala yomwe imalamulira zotsatira kuposa ina iliyonse ndi ranger, ndipo chidachi chimaiika pa 15 poyamba. Nambalayi imanena kuti mapikiselo awiri angasiyane mtundu mpaka pati asanaonedwe ngati a zinthu ziwiri zosiyana, ndipo muyeso wake ndi manambala enieni osungidwa m'chithunzicho. Zithunzi zambiri za droni zili ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo uliwonse umayambira pa 0 kufika pa 255. Pa chithunzi chotere 15 ndi poyambira pabwino. Koma pa chithunzi cha 16-bit manambala amatha kufika 65,535, kotero 15 yemweyo amakhala wochepa kwambiri moti denga limodzi limasweka kukhala tizigawo tosawerengeka. Chithunzi chimene manambala ake anasinthidwa kuti akhale pakati pa 0 ndi 1 chimachita zosiyana: malo onse amamezedwa kukhala chigawo chimodzi. Munthu wosadziwa zimenezi angaganize kuti chidachi n'chosagwira ntchito, pomwe vuto lili pa muyeso. N'chifukwa chake ndisanayambe ndimawerenga manambala a mapikiselo angapo pa denga ndi angapo pa dothi loyandikana nalo, ndipo ranger ndimaiika pansi pa kusiyana kwa ziwirizo koma pamwamba pa kusiyana komwe kulipo mkati mwa denga lenilenilo.

Pa zithunzi za m'midzi ndi m'makwalala a kwathu kuno mpata umenewu nthawi zina umakhala wopapatiza kwambiri. Malata atsopano amawala ndipo amadzilekanitsa okha, koma malata a dzimbiri amafanana ndi dothi la katondo la pabwalo, ndipo m'chilimwe denga la udzu limasiyana pang'ono chabe ndi tchire louma kapena mapesi a chimanga otsala m'munda. Mukakweza ranger kuti denga lowala lisasweke, denga la dzimbiri limalowa m'bwalo. Mukaitsitsa kuti mupulumutse la dzimbiri, mbali ya denga yomwe ili padzuwa imapatukana ndi yomwe ili pamthunzi. Pa ziwirizi ndimasankha kutsitsa, popeza zigawo zing'onozing'ono zimatha kulumikizidwa pambuyo pake zikapatsidwa gulu limodzi, pomwe denga lomwe lamezedwa ndi bwalo silingabwezedwenso popanda kuyambiranso ntchito yonse.

Manambala ena awiri, spatialr (kutalika kwa dera lozungulira pikiselo limene chidachi chimayang'ana) ndi minsize (kukula kochepetsetsa kololedwa kwa chigawo), amawerengedwa m'mapikiselo osati m'mamita, ndipo apa m'pamene kuwerengetsa pang'ono kumathandiza. Pa chithunzi chimene pikiselo imodzi ndi masentimita 5, sikweyamita imodzi imakhala ndi mapikiselo 400, ndiye minsize ya 50 imene chidachi chimabwera nayo ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8 a sikweyamita. Denga la mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi lili ndi mapikiselo 9,600, choncho kusiya 50 n'kulola kuti mwala uliwonse wopsinjira malata, chigamba chilichonse ndi mthunzi wa waya zikhale zigawo pazokha. Nambala yomweyo pa chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2, chomwe pikiselo yake ndi mamita 10, ndi theka la hekitala, ndipo ikhoza kufafaniza munda wathunthu wa mlimi wamng'ono. Chigawo chochepera minsize sichitayidwa ayi, koma chimaphatikizidwa ndi choyandikana nacho chimene chikufanana nacho kwambiri mtundu, ndipo nthawi zina chimenecho si chomwe diso la munthu likanasankha. Za spatialr palibe zambiri zonena: imayambira pa 5, kuikweza kumasalaza chithunzi koma kumatalikitsa kwambiri nthawi yodikira, ndipo m'malo moikweza ndimaona kuti n'kwanzeru kukulitsa pikiselo kuchoka pa masentimita 5 kufika pa 20, zimene zimachepetsa mapikiselo ka 16 koma madenga n'kumaonekabe bwino.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi momwe chidachi chimachitira ndi zithunzi zazikulu. Chimadula chithunzi m'mabwalo a mapikiselo 500 mbali iliyonse, ndipo njira yake, imene Julien Michel ndi anzake anaifotokoza mu 2015, inakonzedwa kuti kukula kwa mabwalowo kusasinthe zotsatira. Sindinaonepo mizere yowongoka yodula denga pakati pamene mabwalo awiri akumana, ndipo kompyuta ya mphamvu zochepa imamaliza ntchitoyo ngakhale imachedwa. Poligoni iliyonse imabwera ndi chiwerengero cha mapikiselo ake komanso avereji ndi kamwazikidwe ka mtundu uliwonse, zomwe zimalowa mwachindunji mu TrainVectorClassifier, chida china cha OTB, pophunzitsa kompyuta kusiyanitsa denga ndi mtengo. Aliyense wofuna kuyesa manambala osiyanasiyana adziwe kuti chidachi n'chophatikiza masitepe anayi, kuyambira MeanShiftSmoothing yosalaza chithunzi kufika LSMSVectorization yotulutsa mapoligoni, ndipo sitepe iliyonse imayendetsedwanso payokha. Kusalaza kumadya nthawi yambiri, choncho n'kopindulitsa kusalaza kamodzi n'kumasintha minsize yokha pa sitepe yolumikiza tizigawo.

Kufooka kwa chidachi n'kwakuti chimayang'ana mtundu ndi kuyandikana basi, sichiganizira za kaumbidwe ka chinthu. Pulogalamu yogulitsidwa ya eCognition ya kampani ya Trimble ili ndi shape (kaumbidwe) ndi compactness (kubulungika) pambali pa scale (kukula kwa zigawo), zimene zimakokera zigawo kuti zikhale zobulungika bwino, ndipo OTB ilibe zoterozo mu chida ichi. Mapoligoni ake amatuluka ndi m'mbali mwa manomano motsatira mapikiselo, choncho sayenera kulowa pa mapu a malire a malo asanawongoledwe ndi kuonedwa ndi munthu. Powerenga nyumba, poyeza kukula kwa malo okhala ndi mitengo kapena pokonza zigawo zoti zigawidwe m'magulu ndi okwanira ndithu. Amene akugwiritsa ntchito QGIS 3.36 kapena yatsopano kuposa pamenepo ayenera kuika pulagini (pulogalamu yaing'ono yowonjezera) ya OTB payokha ndi kuilozera foda momwe pulogalamuyo ili, chifukwa siibweranso pamodzi ndi QGIS monga kale.