Opaleshoni ya msana ikatha, ndani amakuyang'anira kuno ku Joni?

Abale anga kumudzi, ambiri munamva kuti ndinagwa pa nsanja tikumanga nyumba ku Johannesburg, ndipo anandichita opaleshoni ya msana. Mafunso amene mumanditumizira pa WhatsApp amakhala awiri okhaokha: ngati ndachira, ndiponso tsiku lobwerera ku ntchito. Onsewa sayankhika ndi mawu amodzi. Ndiye ndati ndilembe motakata, kuti amene muli ndi ana, amuna kapena alongo anu kuno mudziwe mmene zimakhalira.

Kumunsi kwa msana, cha m'chiuno, kuli mafupa asanu amene madokotala amawawerenga kuyambira L1 mpaka L5. Limodzi likasweka kapena likatsetsereka pa linzake, limapanikiza mitsempha yopita ku miyendo, ndipo munthu amamva dzanzi ndi ululu wotsika mpaka ku phazi. Ine anandilumikiza L4 ndi L5. Dokotala amamanga masikuluwu m'mafupawo, amawagwirizanitsa ndi zitsulo za titanium, kenako amaikapo tizidutswa ta fupa, nthawi zina totapa m'chiuno mwa wodwala yemweyo. Koma zitsulozo sizichiritsa. Ntchito yake ndi kugwira mafupa kuti asagwedezeke pamene fupa latsopano likumera mpaka awiriwo akhale limodzi. Zili ngati matabwa amene timakhoma tikamathira konkire, amangogwirizira kufikira konkireyo atauma. Kumera kwa fupa kumatenga miyezi yambiri, kwa ena kumapitirira chaka.

M'chipatala sukhalitsamo. Ukangoyamba kuyenda pang'ono amakutulutsa, ali atakupatsa mapilitsi, tsiku lodzaonananso ndi dokotala, ndi malamulo atatu: usawerame, usanyamule zolemera, usapotoze thupi. Ukafika m'chipinda chako cha lendi anzako onse ali ku ntchito, ndipo pamenepo mpamene mavuto enieni amayambira. Nsapato uvala bwanji osawerama? Ukwera bwanji taxi yodzaza? Lendi alipira ndani? Dokotala wa opaleshoni alibe nthawi ya mafunso amenewa, a physio, amene amakuchititsa zolimbitsa thupi kuti uchire, amadziwa za thupi basi, bwana akufuna tsiku lobwerera. Aliyense amagwira mbali yake, iwe uli pakati, mutu uli zunguli ndi mankhwala.

Amene anandichotsa pakatipo ndi mayi wina, nesi, wogwira ntchito ya case manager ku bungwe la inshuwalansi limene bwana wathu amalipirako. Ine ndimangowatcha Sisita, monga mmene anthu kuno amaitanira manesi. Iwo sabaya jakisoni, satsuka bala. Ntchito yawo ndi kudziwa nkhani yanga yonse ndi kulumikiza anthu onse okhudzidwa kuti pasakhale chogwera pansi.

Kuti mumvetse kumene Sisita anachokera, ndifotokoze za lamulo. Ku South Africa kuli lamulo la chipepeso cha ovulala pa ntchito la 1993, limene anthu amalitcha COIDA. Mabwana amapereka ndalama ku thumba la boma la chipepeso lotchedwa Compensation Fund. A zomangamanga ambiri amalipira ku bungwe la inshuwalansi la FEM, a m'migodi ku lina lotchedwa Rand Mutual. Wantchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake. Ngozi ikachitika, bwana ayenera kupereka lipoti pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2, dokotala woyamba kukuona amalemba W.Cl.4, ndipo malipoti a mmene ukupezera amalembedwa pa W.Cl.5. Nthawi imene sungathe kugwira ntchito umalandira 75 peresenti ya malipiro ako, ndipo miyezi itatu yoyamba bwana ndiye amakupatsa, iye n'kudzabwezeredwa pambuyo pake. Kuyambira mu November 2020, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko litagamula mlandu wa Mahlangu, antchito a m'nyumba nawonso ali m'gulu lotetezedwa ndi lamuloli. Izi zikukhudza anzathu ambiri kuno, choncho auzeni.

Mafomu amenewa ndi amene amamiza anthu. Lipoti limodzi likachedwa, ndalama imaima, physio imaima. Sisita ndiwo ankaimbira ofesi ya dokotala kukumbutsa za W.Cl.5, ndiwo ankapempheratu chilolezo choti ndipitirize physio masiku ovomerezedwa asanathe, ndiwonso anandipezera malo a physio apafupi kuti ndisamagwedezeke ulendo wautali.

Komabe chimene ndimawathokozera kwambiri si mapepala. Tsiku loyamba kukumana sanayambe ndi kufunsa za bala. Anafunsa kumene ndimagona, ngati pali masitepe, ngati chimbudzi chili panja, amene amandiphikira, ndi anthu angati kumudzi amene amadalira ine. Kenako anafunsa chimene ndimaopa. Ndinawauza zoona, kuti ndimaopa kuti ndikayenda zitsulo zithyoka kapena sikuluwu izuka. Mantha amenewa amagwira anthu ambiri ochitidwa opaleshoni iyi, ndipo amamugoneka munthu pa bedi tsiku lonse mpaka minofu ya msana ndi ya m'mimba kufooka, ululu n'kuwonjezeka. Sisita sanandiseke. Anapempha dokotala kuti andionetse X-ray yanga n'kundifotokozera mwa phee chimene chili chololedwa ndi choletsedwa. Atatero tinagwirizana zolinga zazing'ono: sabata ino kuyenda kukafika pa geti, sabata inayo kukafika pa kona ya msewu, kenako kukhala pa mpando nthawi yoti n'kudya chakudya osadzuka. Akaimba foni ankafunsa za zolingazo, osati kungoti "muli bwanji". Funso la muli bwanji tonse timayankha kuti tili bwino, ngakhale tikulira.

Ankabwerezabwerezanso zinthu zingapo. Fodya amachepetsa magazi opita ku fupa, ndipo osuta ndi amene kawirikawiri fupa lawo limakana kugwirana mpaka kufunika opaleshoni yachiwiri. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene aliyense amangogula, madokotala ambiri amaletsa miyezi yoyamba chifukwa angachedwetse kumera kwa fupa, choncho chilichonse chimene mnzako wakupatsa uyambe wafunsa. Podzuka pa bedi ugudubuke thupi lonse pamodzi, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, kenako utsitse miyendo. Ndipo pali zizindikiro zosadikira tsiku la kliniki: kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo ndi chimbudzi, dzanzi pakati pa ntchafu, mwendo kufooka mwadzidzidzi, kutentha thupi, bala kutuluka mafinya, kapena katumba kutupa ndi kupweteka. Zikatero ndi chipatala pompopompo, kaya ndi usiku.

Sindikunena kuti case manager ndi mbale wako. Amalipidwa ndi bungwe limene likulipira chithandizo chako, ndipo bungwelo limapindula ukabwerera msanga ku ntchito. Zimenezi ndimazidziwa. Komatu ine ndinaona kuti Sisita ndiwo anandiimira pamene kampani inkafuna kuti ndibwerere kukanyamula matumba a simenti a makilogalamu 50 fupa lisanagwirane. Anatumiza katswiri wotchedwa occupational therapist kuti andiyese zimene ndingathe: kunyamula zolemera bwanji, kuima nthawi yaitali bwanji, kukwera makwerero kapena ayi. Ndi lipoti limenelo anakakambirana ndi bwana, ndipo ndinayamba ndi theka la tsiku mu sitolo ya zipangizo, kulemba zotuluka ndi zolowa. Mlendo wopanda womulankhulira sangakane bwana akamuitana, amangopita kuopa kuchotsedwa ntchito, n'kukawononga opaleshoni yonse.

Tsono pempho langa kwa inu ndi ili. Munthu wochitidwa opaleshoni yotere akamakutumizirani zithunzi ataima bwinobwino, musaganize kuti wachira. Bala la kunja limapola m'masabata ochepa, la mkati likadali liwisi. Ndalama akachepetsa kutumiza, kumbukirani kuti akulandira magawo atatu mwa anayi, pamene lendi sinatsike. Mawu akuti "anzanu akutumiza" amamukankhira munthu ku ganyu yobisa Loweruka, ndipo ganyu imeneyo ndi imene ingamulemaze moyo wonse. Musamukakamizenso kuti abwerere kumudzi chithandizo chili pakati. Ndikumvetsa kuti mumanena chifukwa cha chikondi, mukufuna kumusamalira nokha. Koma akachoka dokotala asanalembe lipoti lomaliza, nkhani yake imatsala m'malere, ndipo lipoti limenelo ndi limene amawerengera chipepeso cha ulumali wokhalitsa. Akapeza kuti ulumaliwo ndi 30 peresenti kapena kuchepera, amapereka ndalama kamodzi. Ukaposa pamenepo, munthu amalandira penshoni mwezi ndi mwezi.

Wachibale wanu akavulala pa ntchito kuno, mufunseni ngati bwana wapereka lipoti, ngati ali ndi nambala ya claim (ya nkhani yake ya chipepeso), ndiponso ngati anamupatsa case manager. Ngati sanamupatse, aimbe ku bungwe limene likulipira chithandizo chake apemphe yekha. Asunge pepala lililonse, ndipo alijambule pa foni n'kutumiza kwa mmodzi wa inu kuti lisasowe.

Ine panopa ndikuyenda wopanda ndodo, dzanzi latsala ku chala chachikulu cha phazi lamanzere. Ndikudikira X-ray ina yoona ngati fupa lagwirana, ndipo Sisita akuti zikakhala bwino tidzakambirana ndi bwana za ntchito ya tsiku lathunthu, koma ya pansi, osati ya pa nsanja.